Ndinaidyetsa masadini anayi, kenako ndinakhala chete

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali ndithu, ndipo ndikuilemba chifukwa anyamata ambiri akumudzi amene ali kuno ku Joni akumalowa ntchito za kago, ena ku ma warehouse a pa eyapoti, ena m'makampani osamalira nsomba za m'magalasi, ndiye tsiku lina mudzangouzidwa kuti mawa tikunyamula chamoyo. Ine zinandichitikira, ndipo shaki imodzi inafera m'manja mwanga.

Kwathu ndi ku Salima. Ndisanabwere kuno ndinagwirako ntchito yopakira mbuna cha ku Senga Bay, tinsomba tokongola tija timapita kunja. Ntchito yake ndinkaidziwa ngati chikhatho changa, nsomba uisiye masiku angapo osadya, uiike mu jumbo, madzi pang'ono, okosijeni wambiri, umange ndi labala, jumbo ina pamwamba, m'bokosi, ulendo wa ku Lumbadzi kukakwera ndege. Ndiye nditapeza ntchito ku Durban pa kakampani kena kosamalira matanki a nsomba za m'nyanja yamchere, abwana atanena kuti pali oda yotumiza shaki ziwiri ku aquarium ina ya ku Europe, malo oonetserako anthu nsomba m'magalasi, ine mumtima ndinangoti aaa, shaki ndi mbuna yaikulu basi. Apa ndi pamene ndinayambira kuphonya.

Shaki zake zinali za mtundu umene kuno amati raggie, za mano otuluka panja ngati misomali yopindika, zimene zimasonkhana ku Aliwal Shoal pafupi ndi Umkomaas nthawi yozizira. Maonekedwe oopsa koma ndi zofatsa. Zikakula zimakwana mamita 3, koma zathuzi zinali zisanakhwime, yaimuna ndi yaikazi, iliyonse pafupifupi mita 1.8, makilo cha m'ma 45. Chimene chimapangitsa kuti mtundu umenewu uzitheka kunyamula n'chakuti imatha kupuma itangokhala phee, imapopa yokha madzi kudutsa mopumira mwake, pamene shaki zina zikasiya kusambira ndiye kuti zikufa. Ndipo sizichulukana msanga, yaikazi imabereka ana awiri okha, kenako n'kupumira chaka. Izi ndikuzinena kuti mumvetse kuti chimene chinatayika sichinali ngati chambo cha pa msika.

Kukonzekera kunatenga miyezi inayi, ndipo gawo lalikulu silinali la nsomba ayi, linali la mapepala ndi masamu. Pemiti yotulutsira, pemiti ya dziko lolandira, kalata ya dokotala wa zinyama, air waybill, pepala loyendera katundu pa ndege, komanso buku la IATA, bungwe la makampani a ndege, la malamulo onyamula zamoyo limene limasinthidwa chaka chilichonse, ejenti amachita kukhala nalo patebulo. Thanki iliyonse inali yozungulira, ya faiba, yopangidwa kuti ikwane pa phaleti, chithandala chachitsulo chokwezerapo katundu m'ndege, chifukwa phaleti yaikulu ija ndi masentimita 244 ku 318 basi, ukapitirira olo pang'ono siilowa. Madzi mu thanki imodzi anali pafupifupi malita 3,000, ndipo madzi a m'nyanja yamchere ndi olemerako kuposa a pa mpopi, malita 1,000 amakwana makilo 1,025. Ndiye onani, nsomba ya makilo 45 ikuyenda ndi matani atatu a madzi, osawerengera thanki, mapampu, mabatire ndi masilinda. Ndege imalipiritsa pa kilo. Ndalama yonse ija kwenikweni mukulipirira madzi, n'chifukwa chake abwana aliyense amafuna kuchepetsa madzi ndipo dokotala aliyense amafuna kuonjezera, mkangano wake sumatha.

Tinali anthu asanu ndi awiri. Dokotala, mayi wina wa kuno konkuno wosalankhulalankhula, ndiye anali ndi mawu omaliza pa za moyo wa nsomba. Panali mkulu woona za madzi, dalaivala wa thiraki bambo wachizulu amene tonse tinkangoti baba, wa magetsi ndi mapampu, ejenti wa mapepala amene anali ku Johannesburg, ine, ndi mnyamata wina. Ntchito yanga inali kuyeza madzi ndi kulemba, okosijeni, pH (muyezo wa asidi m'madzi), kutentha, amoniya (poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba). Aliyense ndi mbali yake, ndipo dokotala ananena kangapo pa miting'i kuti ukaona chachilendo unene pompo, olo chikhale chopusa bwanji.

Shaki zija anazisiyitsa kudya kutatsala sabata. Chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi mbuna, ikadya imachita chimbudzi m'madzi, amoniya amakwera, ndipo mu thanki yotseka mulibe kothawira. Ine ndinkadziwa zimenezi bwinobwino. Koma kutatsala masiku atatu ndinali ndekha usiku pa dziwe losungira, inali July nyengo ya masadini, mu fuliji munali otsala, ndipo yaikazi ija inkangozungulira n'kumabwera m'mbali mmene ndinkaimamo masiku odyetsa, chifukwa ndine ndinkaidyetsa miyezi yonseyo moti inkandizindikira. Mtima unandipweteka. Ndinaganiza kuti ulendo wa maola 30 uli kutsogolo, ikapeza kuti mphamvu, ndipo masiku atatu ndi ambiri, mbuna masiku awiri zimakhala zatsuka kale m'mimba. Ndinaponya masadini anayi. Inameza onse. Pa bolodi lolembapo za kudyetsa sindinalembe.

Akuluakulu anati chisoni chidapha nkhwali. Chimene sindinkadziwa n'chakuti shaki imagaya chakudya pang'onopang'ono kwambiri, makamaka madzi akazizira, chakudya chimatha kukhala m'mimba masiku ambiri, ndiponso ikapanikizika imasanza, imatha kutulutsa chifu chonse panja n'kuchibwezanso.

Tsiku lonyamuka tinayamba kupakira cha m'ma 2 koloko masana. Nsomba yotere simuinyamula ndi manja kapena ukonde, mumailondolera pang'onopang'ono kulowa mu machira a pulasitiki yofewa, anthu anayi m'madzi awiri kunja, kireni n'kukweza, masekondi ochepa ili kale mu thanki. Thupi la shaki lilibe mafupa ngati athu, ukaipinda kapena kuisiya ilendewere umaiphwanya m'kati. Ndipo ikalimbana kwambiri minofu yake imadzaza asidi, magazi amasintha, imatha kuoneka bwino lero n'kudzafa mawa. Ndiye palibe kukuwa, palibe kuthamanga, munthu mmodzi yekha ndiye amalankhula. Yaimuna inalowa ngati mwana. Yaikazi inaphiriphitha kamodzi mwamphamvu, dokotala anayang'ana wotchi n'kulemba. Asanatseke chivindikiro anafunsa tonse, kudya komaliza linali tsiku liti, mkulu wa madzi anawerenga pa bolodi, ine ndinangoyang'ana pansi. Pamenepo ndikanalankhula ulendo ukanaimitsidwa, kapena akanaonjezera madzi osinthira, ndipo ndikanangokalipiridwa basi. Ndinaopa. Mlendo m'dziko la eni, pemiti ya ntchito yodalira kampani yomweyo, ana awiri ku Salima, ndinawerengera zonsezo m'masekondi atatu n'kusankha kutseka pakamwa.

Tinanyamuka 4 koloko kulowa msewu wa N3. Kuchoka ku Durban kukafika ku eyapoti ya OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 600, thiraki yaikulu siyenera kupitirira 80 pa ola, ndipo baba ankayendetsa pansi pa pamenepo chifukwa matani asanu ndi limodzi a madzi akayamba kukhavukira mbali imodzi pa kona amakoka galimoto yonse. Ola lililonse tinkaima, ine n'kukwera kumbuyo ndi tochi, kutsegula kazenera ka pa chivindikiro, kutunga madzi, kuyeza, kuwerenga kuti ikupuma kangati pa mphindi. Pietermaritzburg bwino, Mooi River bwino, Tugela bwino. Ndinayamba kudziuza kuti zadutsa.

Titakwera chitunda cha Van Reenen n'kuima ku Harrismith cha m'ma 11 usiku, kuzizira kwake koluma zala, nditangotsegula kazenera ka thanki yachiwiri, ya yaikazi ija, fungo linandimenya. Madzi anali oyererako ngati otsukira mpunga, pamwamba pakuyandama mafuta ndi tizidutswa, ndinawalitsa tochi n'kuona mutu wa sadini ukuzungulira pafupi ndi pampu. Ndinathira timadontho toyezera amoniya m'kabotolo, mtundu unasintha ndisanamalize n'kugwedeza komwe. Miyendo inandizizira osati chifukwa cha mphepo.

Dokotala anakwera, anayang'ana, n'kufunsa funso limodzi lokha, yadya liti. Apa ndinaulula. Ndinati Dokotala, ndine, Lolemba usiku, masadini anayi. Sanakuwe. Anangoti zikomo, anayi, ndiye kuti pangakhale enanso m'mimba, bweretsa kaukonde. Kukalipa kunabwera mawa lake, koma usiku umenewo aliyense anangogwira ntchito, ndipo ndi pamene ndinaona chimene amatanthauza akamati timu. Ine ndikuvuula zosanza ndi kaukonde, mnyamata uja wagwira tochi, wa mapampu akusintha fyuluta imene inali itatsekeka ndi mafuta, mkulu wa madzi akuthira mankhwala omanga amoniya ndi soda wokweza pH, baba wasuntha thiraki kuti paipi yotayira ifike mu ngalande ndipo watibweretsera tiyi osafunsidwa. Tinali ndi malita 1,000 a madzi a m'nyanja osinthira, a matanki onse awiri, oti atifikitse pa ndege. Onse anathera mu thanki imodzi pa Harrismith. Tinataya maola awiri ndi theka.

Apa ndinene chinthu chimene ndikanakonda wina akanandiuza kale. Ku Senga Bay madzi akaipa nyanja ili pakhomo, umangotunga. Ku Johannesburg kulibe nyanja, muli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchoka pomwe pali nyanja, ndipo madzi amchere sungawapange mwachangu. Lita iliyonse imafuna magalamu 35 a mchere wapadera wa aquarium, osati wa kukhitchini, ndiye malita 1,000 ndi makilo 35, madzi a pa mpopi uyambe wachotsa klorini, usakanize, upopere mpweya kwa maola angapo, ufananize kutentha. Ngati mukupita kumtunda, musananyamuke dziwani kale kuti madzi ena mukawapeza kwa ndani, nambala yake ikhale mu foni ya anthu awiri, ndipo munthuyo adziwe kuti mutha kumudzutsa 3 koloko usiku. Ife tinayamba kuimba mafoni tili pa msewu.

Tinafika pa kago cha m'ma 5 m'mawa m'malo mwa 2 koloko. Ndege inali ya 9 koloko, ndipo zamoyo zimafunika kulandiridwa maola angapo ndege isananyamuke, ndiye tinali pa malire penipeni. Thanki singalowe mu makina a X-ray, anachita kubweretsa galu wonunkhiza ndi munthu woyang'ana ndi maso, aliyense ndi nthawi yake. Pa sikelo thanki yachiwiri inapitirira zimene zinalembedwa pa mapepala chifukwa tinali titaonjezera madzi usiku, ndipo pa ndege kulemera si nkhani yokambirana, loadmaster, woyang'anira kapakiridwe ka katundu m'ndege, amawerengera phaleti iliyonse kuti ikhale pati kuti ndege isalemere mbali imodzi, ndiye mapepala analembedwanso. Zonsezi zikanatheka. Chimene chinatigwetsa ndi okosijeni.

Silinda ya okosijeni pa ndege ndi katundu woopsa, ndipo kuti iyende ili yotsegula ikupopera m'madzi pamafunika chilolezo chapadera kuchokera ku maboma, kochokera, kopita, ndi dziko la eni ndege. Mwa makalata atatu, imodzi inali isanasainidwe. Ejenti ankaganiza kuti a ndege ndiwo akutsatira, a ndege ankaganiza kuti ndi ejenti, ife ku Durban tinkaganiza kuti zonse zinatha kale mwezi wathawo. Palibe amene anaika makalata atatuwo patebulo limodzi n'kuwawerenga. Ofesi yosaina inali ku dziko lina ndipo inali isanatsegule. Ndege inanyamuka 9 koloko ife tikuionera pa chitseko cha warehouse, malo a maphaleti awiri opanda kanthu koma olipiridwa kale.

Ndege ina yokhala ndi malo inali ya mawa lake m'bandakucha. Maola 19 oonjezera, pa konkire, mu July.

Chonde, pa ulendo ngati uwu musawerengere okosijeni ndi mabatire molingana ndi nthawi ya pa pepala, werengerani kawiri. Ife tinali ndi za maola 48 pa ulendo wa maola 30, tinkaona ngati tachita bwino, koma kuchedwa kumodzi kunadya zonse, tinachita kuitanitsa masilinda ena pa mtengo wa changu. Ndipo pafupi ndi okosijeni pasapezeke fodya, girizi kapena mafuta pa regyuleta, zimayaka zokha. Komanso tengani zovala, ine ndinapita ndi juzi imodzi poganiza kuti ndibwerera tsiku lomwelo, ndinagula jekete ya R450 pa ndalama yoti nditumize kumudzi.

Amene anatithandiza kwambiri mu warehouse muja anali achimwene ena a ku Mangochi oyendetsa fokolifiti. Anandimva ndikuyankhula pa foni ndi mayi a ana, anabwera n'kuti achimwene, mwatani kodi, nkhope yagwa chonchi. Nditawafotokozera anakalankhula ndi supavaiza wawo kuti matanki awasunthire ku kona yopanda mphepo pafupi ndi soketi kuti tipumitse mabatire, ndipo ankawanyamula pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, anaikanso makoni kuzungulira kuti mafokolifiti ena asamadutse pafupi, chifukwa shaki imamva kunjenjemera kulikonse kudzera m'madzi. Shifiti yawo itatha sanapite, anakhala nafe mpaka mdima, anandigawira nsima ya m'kontena yawo. Anangoti limbani mtima achimwene, zimachitika.

Mchere unapezeka masana pa shopu ina ya nsomba, tinasakaniza m'madiramu, koma madziwo sanakhale okwanira maola ake, tinawathira madzulo chifukwa panalibe kuchitira mwina. Yaimuna inali bwino nthawi yonseyi, ikuzungulira pang'onopang'ono, kupuma kosasintha. Yaikazi inasanzanso kachiwiri masana, kenako inakhala pansi, khungu linayamba kutuwa ndi mawanga, kupuma kunakwera kenako kunayamba kutsika. Dokotala anatenga magazi kumchira, anayeza, anaibaya, anaika paipi yoti madzi a okosijeni azilowa molunjika kukamwa. Cha m'ma 10 usiku kalata ija itabwera yosainidwa, anatiitana n'kunena kuti yaimuna ikwera, yaikazi sikwera. Abwana pa foni anachonderera, ndalama zinali zitapita kale zambiri, koma mayi uja anati maola 11 m'mwamba kuphatikiza kuima ku Nairobi kokweza maluwa, ine sindisaina. Ndimawalemekeza mpaka lero pa chimenecho.

Ndinaona yaimuna ikukwezedwa ndili patali, chifukwa ndinalibe pemiti yolowera kumene kumaima ndege, imeneyo imafunsiridwa masabata angapo zisanachitike ndipo palibe anaganiza zondifunsira. Dokotala ndi mkulu wa madzi anakwera nayo. Phaleti inamangidwa ndi malamba mbali zonse, kaputeni anapatsidwa pepala lomuuza kuti ali ndi chamoyo, chili pati, ndipo chipindacho chikhale pa kutentha kwanji, nkhani yofunika kwambiri chifukwa maluwa amafuna kuzizira ngati fuliji pamene madzi athu ankafunika kukhala cha m'ma 18 digiri. Anthu akamamva za Nandi, manta ray, chinsomba chachikulu chophwatalala, ija inakodwa mu maukonde a shaki ku Durban, n'kusungidwa ku aquarium ya uShaka, kenako mu 2008 n'kuuluka pa Boeing 747 mpaka ku Georgia Aquarium ku Atlanta, kapena anamgumi oyera awiri aja, Little Grey ndi Little White, amene kampani ya ndege za kago ya Cargolux inawanyamula kuchoka ku Shanghai kupita ku Iceland mu 2019, amaona ndege ndi makamera. Ine ndikamva nkhani zimenezo ndimaganiza za munthu amene ankalemba pa bolodi.

Ife tinatembenuka ndi yaikazi kubwerera kunyanja, ine, baba ndi wa mapampu, dokotala wina akutilangiza pa foni. Tinkaima mphindi 30 zilizonse. Kutsika Van Reenen inali ikupumabe, kasanu pa mphindi, kenako kanayi. Ndinavula jekete ija, ndinalowetsa dzanja mpaka paphewa kuti ndiziikankha pang'ono madzi azidutsa mopumira, khungu lake lokhakhala ngati sandipepa linandisupula mkono wonse koma sindinamve. Ndinkailankhula m'Chichewa, ndinkati pirira mayi, nyanja yayandikira. Pa Mooi River dzuwa litakwera ndinatsegula kazenera ndipo inali itagona chammbali, timing'alu take topumira tatseguka osasuntha. Ndinadikira mphindi zisanu ndi wotchi m'manja. Baba anakwera, anavula chipewa, anandigwira paphewa n'kunena kuti tsika mwana wanga, ukhale kutsogolo. Kunali kutatsala makilomita osakwana 160 kuti tifike.

Ataing'amba anapezamo sadini imodzi yosagayika. Lipoti linati sichinali chinthu chimodzi, kulimbana kuja popakira, amoniya wa pa Harrismith, madzi atsopano osakhazikika, ndi maola 19 a pa konkire, zonse pamodzi. Dokotala atabwerako anandiitana n'kundiuza maso ndi maso kuti kudyetsako kunali kulakwa koma kokhululukika, chimene chinamupweteka ndi funso lija pa thanki limene sindinayankhe, chifukwa akanadziwa akananyamula madzi owirikiza kapena kusuntha tsiku. Anandiuzanso kuti kalata yosasainidwa ija si mlandu wanga ndipo ndisausenze. Kampani inaluza malo a ndege yoyamba, theka la oda, masilinda, mchere, ndi ulendo wa thiraki wobwerera, chiwerengero chake abwana sananditchulire koma bonasi ya chaka chimenecho palibe anailandira, anthu asanu ndi awiri, ndipo ena anali ndi sukulu fizi yodikira. Ine ndinapatsidwa kalata ya chenjezo lomaliza, miyezi itatu osayandikira zamoyo, ndikutsuka mafyuluta. Sanandichotse, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ndi dokotala yemweyo anandiimira.

Kwa masabata angapo sindinkagona bwino, ndikangotseka maso ndinkaona mutu wa sadini uja ukuzungulira pa tochi. Mayi a ana ndinawauza patapita mwezi.

Yaimuna inakana kudya masiku 11 itafika. Tsiku la 12 mkulu wa madzi ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp kochokera kwa anthu a kumeneko, ikutenga nsomba pa ndodo n'kutembenuka pang'onopang'ono kudutsa pa galasi, kumbuyo kukumveka ana akukuwa m'chilankhulo chawo. Ndinali mu chipinda cha mapampu, manja ali ndi thovu, ndinakaonera katatu kenako ndinakatumiza kwa achimwene a ku Mangochi aja.